Mlonda wa Usiku pa Edgbaston

Lozells, Birmingham
Lachitatu, 16 Julaye

Okondedwa Ababa,

Landirani moni wochokera kuno ku Lozells. Ndikhulupirira kuti inu, Amayi ndi achemwali a Vailet mukudzuka bwino ndi chisanu cha Julayechi. Ine ndili bwino. Ndikulemba papepala monga mumafunira, ndijambula ndi foni n'kutumiza kwa achemwali kuti akuonetseni. Koma Ababa, dziko linasintha, anzanu onse masiku ano amangolankhula pafoni.

Nkhani ndi iyi. Viza yanga ikutha pa 30 Seputembala. Ndikapanda kupeza kampani yondilemba ntchito yeniyeni, yondisainira mapepala, ndikwera ndege kubwerera kumeneko. Makalata ofunsira ntchito ndalemba 143. Ayankha asanu ndi mmodzi, onse okana mwaulemu. Digiri yanga ya ziwerengero ili phee mu envulopu, ine ndikuyeza anthu nsapato m'sitolo m'tauni. Sindinabwerere zimenezi.

Tsopano mwayi wapezeka. Pali kampani ina yaing'ono, ya anthu asanu ndi atatu, imene imasonkhanitsira matimu a masewera ziwerengero. Ikufuna munthu mmodzi, ndipo tatsala awiri: ine ndi mnyamata wina wa ku Wolverhampton, dzina lake Daniel. Atiuza kuti tikakhale pa test ya masiku asanu kubwalo la Edgbaston, kuyambira mawa mpaka Lolemba. Masewera ake ndi kiriketi, England ndi timu ya alendo. Dzina la dziko la alendowo sindilemba, mungakauze anthu kutchalitchi kuti ndalowa ntchito kwa kazembe wawo. Ife tizilemba mukompyuta mpira uliwonse woponyedwa, ndipo pomaliza aliyense alembe lipoti la tsamba limodzi lotchula wosewera amene wathandiza kwambiri alendowo, poti ndiwo alemba ganyu kampaniyi. Wa lipoti labwino ndiye atenga ntchito.

Pa intavyu anandifunsa ngati kiriketi ndimaidziwa. Ndinati ee. Musakwinye nkhope, Ababa. Ndaonera mavidiyo masiku atatu, ndipo palibe chovuta. Wina amaponya mpira wolimba, wina amaumenya ndi thabwa kuti usagwetse timitengo titatu tozika kumbuyo kwake. Akaumenya amathamanga n'kupeza mapointi. Timitengo tikagwa, kapena mpira ukagwidwa m'mwamba, watuluka, abwere mnzake. Chimene chikundisokoneza n'chakuti zinthu zochepa chonchi zingathe bwanji masiku asanu. Ana a ku Chilomoni akanamaliza asanaitanidwe kukasamba.

Mundilembere za kumeneko. Kodi denga la kukhitchini lija munakonza?

Ndine mwana wanu,
Deliwe


Chilomoni, Blantyre
Lachinayi, 17 Julaye

Wokondedwa mwana wanga Deliwe,

Ndine wokondwa kupeza mpata wokulembera. Choyamba ndifunse za moyo wako. Ife kuno tili bwino, amako akupereka moni. Denga ndinakonza mbali imodzi.

Kalata yako Vailet wandionetsa pafoni, koma zilembo zinali zing'onozing'ono ndipo iye amathamangira ku Limbe kukatsegula belo la kaunjika. Chachikulu ndamva: uli pa mayeso a masiku asanu. Ndauza amayi a Mvano, ndipo agawana masikuwo, aliyense lake losala kudya. Lolemba atenga amako okha.

Tenga zolembera ziwiri. Funso uliwerenge kawiri usanayankhe, pajatu iwe vuto lako ndi phuma, unabadwa ndi miyezi isanu ndi itatu. Chimene sindinamve n'chakuti bwanji mayeso akulembetsa pabwalo la mpira. Kodi m'makalasi mwadzaza? Ku Mangalande?

Bodza limene unawauza azunguwo sindinalikonde. Komabe ndauza Mulungu kuti aliike pa dzina langa.

Mwana wanga, ulimbe. Ine ndinalondera nyumba yosungiramo thonje ku Limbe zaka 26, ndi chijasi ndi tochi, anthu akugona m'mabulangete, kuti iwe udzakhale padesiki masana. Mnyamata wochokera kumudzi wa dzina lovutayo usamuope, naye mutu wake ndi umodzi.

Tsiku lililonse uzinditumizira malikisi amene wapeza.

Ndine bambo wako,
A. Kadzuwa


Lozells
Lachisanu, 18 Julaye

Okondedwa Ababa,

Moni kwa nonse. Zikomo chifukwa cha kalata. Koma Ababa, test si mayeso ayi! Ndi dzina la masewerawo, akakhala a masiku asanu pakati pa mayiko awiri. Ngakhale kwa ine ndi mayesodi. Iyayi, zisiyeni, amayi a Mvano apitirize.

Masiku awiri apita ndipo mutu wanga waima. Dzulo England inamenya tsiku lonse, lero mpaka masana, kufika mapointi 560. Kenaka mtsogoleri wawo anangokweza dzanja pakhonde, onse n'kutuluka m'bwalo okha, popanda wowatulutsa. Akuti akhuta. Munaonapo timu ikusiya kugoletsa chifukwa yakhuta? Ndiye pali china. Itakwana 1 koloko onse anapita kukadya. Cha m'ma 4 koloko anaimanso kuti akamwe tiyi. Tiyi weniweni, Ababa, anthu zikwi makumi awiri akudikira panja.

Amene akutiyang'anira ndi bambo wina wachikulire, a Everton, wobadwira kuno ku Handsworth, makolo ake a ku Jamaica. Kompyuta ali nayo, koma amalembanso chilichonse ndi pensulo m'buku lalitali. Amanditchula kuti Del. Ndinawauza kuti bukulo ndi kutaya nthawi, ndikhoza kuwakonzera pulogalamu sabata imodzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Del, mpira wadutsa, waulemba?" Ndinali ndisanaulembe.

Alendo athu ayamba kumenya madzulo ano, ndipo ndi chisoni chokhachokha. Asanu atuluka kale, mapointi 88 okha pa 560 aja. Wina watuluka wopanda ngakhale pointi imodzi, ndipo pamenepo amati wapeza bakha. Musandifunse chifukwa chake. Ine ndinachita manyazi anga. Mmodzi wathu anamenya mpira m'mwamba kwambiri, ine n'kudzuka pampando kukuwa kuti, "Eyaaa!" Onse m'chipinda chathu cholembera anandicheukira. Mpira uja unatsikira m'manja mwa mzungu, munthu wathu n'kutuluka. Daniel anandinong'oneza kuti, "Uli mbali iti kodi?" Iyeyo kiriketi anayamba ali ndi zaka zisanu. Amawomba m'manja nthawi imene palibe chimene chachitika, a Everton n'kumagwedeza mutu kuvomereza, ine n'kumayang'ana pakompyuta ngati ndaphonya kanthu.

Ndinawaonetsa a Everton mawerengedwe anga. Alendowa mipira yambiri akungoisiya kudutsa osaikhudza. Atamamenya uliwonse, mapointi angachuluke kawiri. N'zapoyera. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. "Ukuthamangira kuti, mwana iwe? Lero ndi Lachisanu."

Ndikuthamangira 30 Seputembala, koma sindinawauze.

Mwana wanu,
Deliwe


Chilomoni
Loweruka, 19 Julaye

Iwe Deli,

Moni wa chiyani, ife kuno tili pamoto chifukwa cha iwe. Ndine mkulu wako Vailet, ababa akana kulemba lero.

Kodi kusukulu konse kumene unapitako sanakuphunzitse kulemba kalata yomveka? Dzulo ndawerengera madala ndime yoyamba, akuti test si mayeso koma ndi mayesodi. Anati, "Bwerezanso." Ndinabwereza. Anati, "Pitiriza." Titafika pa 88 pa 560, anatenga pensulo n'kuyamba kugawa kuseri kwa kalendala. Apeza 16 peresenti. Deli, munthu wamkulu uja anakhala pakhonde mpaka pakati pa usiku. Ndawauza kuti malikisiwo si ako, ndi a anyamata a eni ake. Akuti, "Nanga iye akuwalemberanji ngati si ake?" Uwayankhe wekha.

Amayi akufunsa za bakha. Akuti ngati wolephera akumupatsa bakha, wopambana akumupatsa chiyani? Akutinso ngati ungapeze iweyo usakane, ukampatse mayi wa nyumba imene ukukhalayo.

A Mvano awonjezera tsiku. Mayi a Nachisale akusala kawiri.

Tsono ndikuuze chimene sindinafune kukuuza. M'mawa uno ndapeza ababa akusesa m'chipinda mwako muja, atulutsa matumba anga a kaunjika n'kuwaika pakolido. Ndawafunsa, akuti akungochotsa akangaude. Iwe ukuwadziwa.

Magetsi anazima dzulo mpaka pano, foni ndikutchajitsa kumsika, ndipo bandulo yatsala pang'ono. Zithunzi zako zimalemera ngati ukujambula ukwati. Uzilemba mwachidule.

Ukamachoka kusitolo ya nsapatoko, kaya ukupita kuntchito yatsopano kaya ukubwera kuno, usaiwale kuti ine ndimavala sayizi 6. Zoyera.

Vailet


Lozells
Lamulungu, 20 Julaye

Tsamba loyamba

Okondedwa Ababa,

Moni kwa inu, Amayi ndi achemwali olongolola aja. Ababa, ndapota nanu, 88 uja si wanga. Ine sindikupatsidwa malikisi. Ndikungolemba za anthu ena, ndipo za ine zidziwika lipoti likawerengedwa. Matumba a achemwali abwezereni m'chipinda.

Dzulo alendo athu onse anatha kutuluka ndi mapointi 191. Ndinkayesa kuti tsopano apuma. Ayi ndithu, anawauza kuti popeza mwatsalira kutali, valaninso zipewa mubwererenso kukamenya pompano. Ngati mwana wolephera amene amubweza m'kalasi anzake akuweruka. Kenaka kunagwa mvula, masewera n'kuima theka la tsiku, ndipo ochemerera alendo anayamba kuvina pamvulapo. Timu yawo ikumira, iwo akuvina! A Everton anandifotokozera kuti tsopano alendowa sakufunanso kupambana. Akungofuna kuti Lolemba madzulo, nthawi ikamatha, akhale asanatuluke onse. Zikatero palibe wopambana, palibe wogonja. Ndinati, "Ndiye masiku asanu onsewa apite pachabe?" Anati, "Pachabe pamenepo ndiye pali nkhani." Anthu awa, Ababa.

Lero amenya bwinoko, mvula inathandizanso m'mawa. Koma kutatsala mphindi makumi awiri kuti aweruke, wachinayi anatuluka. Ndinayembekeza kuona kaputeni wawo, amene ndiye katswiri yekhayo watsala. M'malo mwake kunatulukira chimunthu chachitali, Mussa, amene ntchito yake ndi kuponya, ndipo thabwa amaligwira ngati akukapha njoka. Ndinafunsa a Everton kuti zimenezi n'zotani, iwo anati udindo umenewu uli ndi dzina lake, ndi wa

Tsamba lachiwiri

mlonda wa usiku. Amaupereka kwa munthu amene alibe luso lambiri, kuti akaime pamenepo kukamada, ateteze akuluakulu apume bwino adzayambe m'mawa ali ndi mphamvu. Akavulala iyeyo palibe amene amadandaula kwenikweni. Ndinatsutsa, Ababa, ndinati kumeneko n'kumutaya munthu. A Everton anati ndi mmene zimakhalira kuno kuyambira kalekale, ndingovomereza. Ndavomera, nanga ndikanatani?

Zayamba madzulo ano, mawa zipitirira. Daniel akuoneka kuti zake zayera kale, akuseka ndi mabwana. Ine ndatopa, mapazi azizira, ndipo sindikudziwanso kuti ndinaphunzirira chiyani.

Mundipempherere.

Deliwe


Chilomoni
Lolemba, 21 Julaye

Wokondedwa mwana wanga Deliwe,

Ndikhulupirira wadzuka bwino, ngati wagona n'komwe. Ife tadzuka.

Vailet akuti tsamba loyamba la kalata yako likungozungulira, silikutseguka, bandulo yatha. Koma lachiwiri latseguka, ndipo landikwanira. Ndamva. Mayeso sanayende, ntchito ya padesiki apatsa mnyamata uja, iwe akupatsa ulonda wa usiku, ndipo wavomera.

Sindikunamiza, zinandipweteka. Ndinapita kuseri kwa nyumba kuti amako asandione. Ndinafunsa Mulungu ngati ulonda uli m'magazi ngati mphumu. Koma kutacha ndaganiza kuti mwana wavomera ntchito m'malo moba kapena kupempha, ndiye ine ndichite manyazi ndi chiyani? Poti wayamba kale, ndikuuze zimene ine panalibe wondiuza.

Azunguwo anena zoona kuti amapatsa munthu amene samuwerengera. Koma akunama kuti siifuna luso.

Choyamba, usathamangire phokoso lililonse. Akuba amaponya mwala kumpanda wa kumbuyo kuti iwe uchoke pageti ukaone. Ukangosuntha, alowa. Mwala umene sukulunjika pageti pako, usiye udutse. Zimaoneka ngati ulesi kapena mantha. Anthu azinena. Iwe ima pomwepo. Ichi kwa iwe chivuta, ndikukudziwa.

Chachiwiri, usawerenge usiku wonse, ungafooke. Uziti ndifike 10 koloko. Ikakwana, uziti ndifike 11.

Chachitatu ndi buku. M'mawa uliwonse ndinkalemba m'buku la malipoti mawu awiri: palibe chachitika. Zaka 26. Chaka china kunabwera bwana wachinyamata wa digiri ngati iwe, anatsegula bukulo, masamba onse mawu omwewo. Anati, "Tikumulipiriranji munthu uyu? Pamalo pano sipachitika kanthu." Anandichotsa pageti n'kundiika kosesa. Mwezi usanathe mabelo khumi ndi anayi anapita. Anandibwezera pageti yekha, osandiyang'ana kumaso. Iye ankadziwa kuwerenga zimene zachitika. Zimene sizinachitike sankadziwa kuti nazonso amazigwirira ntchito munthu.

Uzivala masokosi awiri. Usadye kwambiri madzulo. Galu wa pamalopo, ngati alipo, ugwirizane naye tsiku loyamba.

Kutchalitchi sindinena kanthu mpaka iwe undiuze chonena. Amako akusalabe lero, sindinawauze, ndaona kuti pemphero silingawonongeke.

Ukaona kuti sungathe, bwera. Palibe amene akuseke pakhomo pano ine ndili moyo.

Bambo wako,
A. Kadzuwa


Lozells
Lachiwiri, 22 Julaye

Okondedwa Ababa,

Moni. Achemwali, ndakutumizirani bandulo, chonde tsegulani masamba onse musanawerenge.

Ababa, mlonda si ine! Ndi Mussa, wosewera wamtali wa timu ya alendo. Ndi dzina chabe la m'masewera, la munthu wosadziwa kumenya amene amamutumiza madzulo kuti ateteze odziwa. Zonse zinali patsamba loyamba. Kalata yanu ndinaiwerenga dzulo nthawi ya nkhomaliro, kubwalo konkuja. Ndinaseka mpaka Daniel anafunsa ngati ndili bwino. Kenaka ndinapita kuchimbudzi, ndipo kumeneko sindinaseke.

Mussa amayenera kutuluka m'mawa, ntchito yake inali itatha. Sanatuluke. Nkhomaliro inamupeza ali pomwepo. Ndisanawerenge kalata yanu ndinkamutukwana mumtima, chifukwa kompyuta yanga inamuika pansi penipeni pa onse, mapointi asanu ndi awiri m'maola awiri. Nditabwerera pampando ndinayamba kumuyang'ana iyeyo, osati kompyuta. Azungu aja ankamuponyera mpira pambali pang'ono, pooneka pokoma, anzawo anayi atayalana kumbuyo manja ali tcheru kudikira kuti augunde molakwika. Iye ankangokweza thabwa m'mwamba, mpira n'kudutsa. Wina, n'kudutsa. Anthu akumuwowoza, iye ali chiimire. Wolunjika patimitengo wokha ndiye ankautchinga, n'kugwera pamapazi pake. Ababa, inali miyala ya kumpanda wa kumbuyo. Atatopa naye anayamba kumuponyera m'nthiti. Kawiri anagwada, dokotala n'kubwera, iye n'kudzukanso.

Anatuluka atamwa kale tiyi. Mipira 231, mapointi 19. Kaputeni anabwera mochedwa, ali ndi mphamvu zake, n'kumenya 74 okongola osatuluka. Nthawi inatha atatuluka asanu ndi atatu, kutatsala awiri. Palibe wapambana. Alendo anakumbatirana ngati atenga chikho, a England akuyenda mitu ili pansi ndi mapointi awo ochuluka aja. Mpaka pano mbali ina ya mutu wanga ikukana.

Lipoti ndinali nditalemba kale theka, la kaputeni, poti manambala onse amaloza iye. Daniel walembanso za kaputeni, ndinaona. Ine ndinafufuta langa. Ndinawerenga mipira ya Mussa imene palibe chinachitika: 218. Ndinasonyeza kuti akanatuluka m'mawa monga onse ankayembekezera, otsalawo sakanafika madzulo. Ndipo pansi pake ndinalemba za mwala ndi geti, ndi kuti anandiphunzitsa ndi bambo anga, amene anali mlonda wa usiku zaka 26.

Ndiulule. Zaka zitatu kuno, aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti bambo anga ankagwira ntchito kukampani ya thonje. Ndimathera pomwepo.

A Everton anawerenga ataima, osasintha nkhope. Anangofunsa kuti, "Bambo akowo anasewerera timu iti?" Ndinati mpira wa kiriketi sanauonepo. Anapinda pepala n'kuika m'buku lawo lija, akuti yankho Lachisanu.

Mwina ndadzitayira ntchito ndekha posankha munthu wa mapointi 19. Sindikudziwa. Chipinda chija musabwezeremo matumba kaye.

Mwana wanu,
Deliwe


Lozells
Lachisanu, 25 Julaye

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Moni, ndipo khalani pansi. Achemwali, werengani pang'onopang'ono, tsamba ndi limodzi lokha.

Anditenga. Mapepala a viza ayamba kale kulemba, ndasaina masana ano ku ofesi yawo ku Digbeth. Mwini kampani akuti mphunzitsi wa alendo aja anawerenga malipoti onse awiri pabwalo la ndege, n'kupempha kuti langa alipachike m'chipinda chawo chovalira. A Everton anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Kiriketi sukuidziwabe, Del, ndipo pa intavyu unatinamiza. Koma kuyang'ana wayamba." Ndinafuna kuwauza za pulogalamu ija, ndinadzigwira. Ndidzawauza Lolemba.

Tsono pali china, ndipo sindikudziwa ndiyambire pati. Kuno kiriketi imatha mu Seputembala chifukwa cha kuzizira. Kuyambira Novembala masewera amasamukira ku Australia ndi ku New Zealand, ndipo kampani imawalemba poonera pa kanema ku ofesi. Kumeneko kukamacha, kuno kumakhala kukuda. Masewera amayamba 11 koloko usiku n'kutha 7 koloko m'mawa. Amene amakhala mu ofesimo yekha, kuyang'ana ndi kulemba mpira uliwonse, ngakhale umene palibe chachitika, ndi wolowa kumene. Makiyi a nyumba yonse andionetsa kale pamene amakhala.

Ndinafunsa ngati ndi nthabwala. Anadabwa, anati nthabwala yake iti?

Ndiye kaya Ababa, kutchalitchiko mukanena chiyani. Ine mawu andithera.

Nsapato zoyera ndagula.

Deliwe


Chilomoni
Lamulungu, 27 Julaye

Wokondedwa mwana wanga Deliwe,

Ndikhulupirira uli bwino. Ife kuno tili bwino kwambiri. Amako anaimba nthungululu mpaka a nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati Vailet wapeza banja.

Masamba onse atseguka, ndi lakale lija lomwe. Ndawerenga kuyambira poyamba, kawiri. Amene anapambana sindinamupezebe, koma Vailet akuti ndisiye.

M'mawa uno abusa anandipatsa mpata. Ndinaimirira n'kuthokoza amayi a Mvano, ndinati mwana wakhoza. A Chimombo, mkulu wa mpingo uja amakonda mafunso, anati, "Ntchito yake ndi yotani?" Ndinati ndi yomwe ndinkagwira ine, koma kumeneko amafuna digiri. Anthu anaseka. Ndinadikira amalize, ndinabwerezanso.

Mpando wa mu ofesimo ukakhala wa wofuwofu, upemphe wina. Tulo timalowera kumsana. Ola loipa ndi 3 koloko, pamenepo uziimirira.

Mnyamata wa nthiti uja, ngati ungamupeze, umuuze kuti mdala wina ku Chilomoni wamuona. Ndipo uwafunse a Everton ngati kumasewerako amalandira a zaka 68. Kumenya mpira sindidziwa, koma akuti sikofunika.

Ndine bambo wako,
A. Kadzuwa